Gemu imodzi ikudyetsa tonse: sabata yomwe tinasiya pulojekiti ya bwato

Lolemba ndinafika ku ofesi anthu asanachuluke chifukwa ndimafuna ndione kaye ndekha manambala a Loweruka ndi Lamlungu wina asanayambe kundipanikiza ndi mafunso. Ntchito yanga ndi yolosera malonda. Ndili pa kampani ina yapakatikati yotulutsa magemu a pa kompyuta ndi pa console (makina osewerera magemu monga PlayStation), omwe timati ma publisher aja, nde kwa amene simudziwa, ifeyo gemu sitipanga ndi manja athu ayi, opanga ndi masitudiyo, ife timapereka ndalama, timatsatsa, timalipira omasulira ndi oyesa gemu, timakambirana ndi Sony, Microsoft, Nintendo ndi Valve, kenako gemu ikatuluka timagawana zomwe zalowa. Mbali yanga ineyo ndi kunena kuti gemu yakutiyakuti angaigule anthu angati, m'maiko ati, pa mtengo wanji, ndipo ndalama zomwe talowetsa zidzabwerera liti, ngati zidzabwerere n'komwe.

Nditatsegula laputopu chomwe chinali pamwamba ndi chomwe chimakhala pamwamba Lolemba lililonse chibwerereni ine pa kampaniyi, gemu yathu yakale ija. Inatuluka ine ndisanalembedwe ntchito koma mpaka lero anthu akuigulabe, akugulabe zowonjezera zake, ku Brazil, ku Germany, ku China, ku Korea, ku America, konsekonse. Pansi pake patali ndithu ndi pomwe panali gemu yathu yatsopano yomwe inatuluka masabata atatu apitawo. Osati ndi yoipa ayi, olemba ma review anaiyamikira, omwe anaigula ambiri akuikonda, koma mzere wake unakwera masiku anayi oyamba basi kenako n'kuyamba kutsetsereka, ndipo yemwe wakhalitsa pa ntchitoyi amadziwa kuti mzere ukatsika chonchi sudzukanso wokha pokhapokha utsitse mtengo. Ikuyenda ku Germany, ku Poland, pang'ono ku America. Ku Asia kuli zii.

Cha m'ma 9 bwana wanga anandilembera kuti Lachinayi kuli miting'i ya akuluakulu yosankha mapulojekiti oti apitirize kulandira ndalama, nde pofika Lachitatu madzulo ndikhale nditamaliza manambala a atatu. Yoyamba ndi gawo lachiwiri la gemu yakale ija, imeneyo palibenso zokambirana ipitirira basi. Yachiwiri ndi gemu yaikulu yowomberana ya pa intaneti, mtundu uja wofuna kuti anthu azibwera tsiku ndi tsiku n'kumagula zovala ndi mfuti za mu gemu momwemo, yadya kale ndalama zambiri ndipo ikufuna zina zoposa zomwe yadyazo. Yachitatu ndi kagemu ka situdiyo ya anthu ochepa komwe mu ofesi timangoti "ya bwato". Ndalama zokwanira zonse zitatu kulibe, makamaka pano yatsopanoyi sinayende monga timayembekezera. Tsiku lonse linathera pa kukoka manambala ndi kuchotsa obweza, poti pa Steam, sitolo ya Valve yogulitsa magemu a pa kompyuta pa intaneti, munthu amatha kubweza gemu ngati sanasewere kupyola maola 2 ndipo sipanathe masiku 14, nde nambala yomwe wasangalala nayo Loweruka si yomwe umaipeza Lolemba.

Lachiwiri ndikambapo kwambiri chifukwa anthu ambiri, olo osewera magemu enieni, akamva kuti gemu yagulitsa makope 2 miliyoni koma kampani ikuti taluza amaona ngati ndi bodza kapena dyera. Dyera liliko sindikukana, koma tiyeni tiwerengere limodzi. Gemu yaikulu masiku ano imagulitsidwa madola 70. Mwini sitolo, kaya ndi PlayStation kaya Xbox kaya Steam, amatenga 30 pa 100 iliyonse, ndiye kuti madola 21 apita mwatsala ndi 49. Steam imatsitsako gawo lake kufika pa 25 gemu ikadutsa madola 10 miliyoni, ndi pa 20 ikadutsa 50 miliyoni, ndiye mukuona kale kuti wochepetseredwa ndi yemwe waphulika kale, wovutikayo amalipira zonse. Epic, omwe nawonso ali ndi sitolo yawo ya magemu, amatenga 12 koma ogula kumeneko sangafanane ndi a pa Steam. Pa 49 ija chotsanipo msonkho m'maiko omwe mtengo umaphatikiza kale msonkho, chotsanipo obweza, chotsanipo 5 pa 100 ya Epic ngati munapangira pa Unreal Engine, pulogalamu yawo yopangira magemu, chotsanipo za mwini dzina ngati anthu a mu gemuyo ndi obwereka ku filimu kapena ku mpira, ndipo kumbukirani kuti ambiri sagula pa 70, amadikira mtengo utsike.

Tsono mtengo wopangira. Mu 2023, pa mlandu wa FTC, bungwe la boma la America loyang'anira mpikisano pa malonda, ndi Microsoft wokhudza kugula kampani ya magemu ya Activision Blizzard, chikalata cha Sony chomwe sanachifufute bwino chinaonetsa kuti The Last of Us Part II inadya madola pafupifupi 220 miliyoni ndipo Horizon Forbidden West 212 miliyoni, kumeneko n'kupanga kokha kutsatsa sikunalowemo. Sony bola poti sitolo ndi yake, koma ife ena gawani 200 miliyoni ndi 49, mupeza kuti pakufunika anthu oposa 4 miliyoni ogula pa mtengo wonse kuti mungobweza zomwe munalowetsa, phindu lisanayambe n'komwe, kutsatsa musanawerengere. Anthu ochuluka chonchi, oti ali ndi makina oyenera, ali ndi ndalama mwezi umenewo ndipo chidwi chawo chili pa gemu yanu yomweyo osati pa Fortnite yomwe anzawo onse ali, kuwapeza m'dziko limodzi n'kovuta zedi. Ndiye mufune musafune gemu iyenera kugwedeza America, Europe ndi Asia nthawi imodzi. Mu 2013 Square Enix inanena kuti Tomb Raider sinafike pomwe amayembekezera, chonsecho inali itagulitsa makope 3.4 miliyoni m'mwezi woyamba, anthu anadabwa kwambiri nthawi imeneyo koma lero ndi nkhani yomwe timaimva chaka ndi chaka.

Masana a Lachiwiri lomwelo ndinasiya Excel n'kusewera ya bwato ija, chifukwa ndinadziikira lamulo loti sindilemba manambala a gemu yomwe sindinaigwire. Ndi gemu yofatsa. Umakhala wopalasa bwato usiku, kumawolotsa anthu pa mtsinje waukulu, aliyense wokwera amabwera ndi nkhani yake ndipo momwe ukupalasira ndi momwe nkhaniyo ikutulukira, ukafulumira munthuyo amasiyira panjira, ukapalasa modekha amakuuza zonse. Pali malo ena pomwe nyali ya kutsogolo kwa bwato imayamba kuzima ndipo uyenera kusankha, kusiya nkhafi kuti uiteteze ku mphepo bwato n'kumatengedwa ndi madzi, kapena kupalasabe mu mdima. Wokwera wake anali nkhalamba yomwe inali itangokhala chete kuyambira pa doko. Nyali itazima, ndi pomwe inayamba kulankhula. Ndinapezeka ndagwira controller mwamphamvu ngati ndine ndili pa madzipo, ndipo mnzanga wa pa desiki yoyandikana anachita kuvula mahedifoni ake n'kubwera kudzaima kumbuyo kwanga mpaka tinawoloka. Zinthu zina sizinathe, madzi amadutsa mkati mwa bwato pa malo awiri, mawu a anthu ena akadali a kompyuta, koma mtima wa gemuyo ulipo kale, ndaseweraponso zambiri zosatha ndipo ndimadziwa kusiyana kwake.

Nditamaliza ndinaimbira mayi omwe amatsogolera situdiyoyo kuti ndifunse za miyezi yomwe yatsala ndi anthu omwe akufuna kuwonjezera. Anayankha zonse mwadongosolo, analibe chobisa, bajeti yawo ndi yaudongo kuposa za masitudiyo ena aakulu omwe timagwira nawo. Kumapeto anangoti, "Achimwene, inu ndi amene mumaona manambala, ndiuzeni zoona, tili pabwino?" Ndinawauza kuti mayi, manambala a gemu yanu pa yokha ndi abwino, koma chisankho sichili m'manja mwanga. Anakhala chete pang'ono kenako anati amva. Sindinaname, koma ndimadziwa kuti mawu oti "pa yokha" ndi omwe anyamula nkhani yonse ndipo ndikukhulupirira iwonso anawamva.

Chifukwa vuto lake ndi limeneli. Ya bwato ikhoza kubweza ndalama zake n'kubweretsa kaphindu, ndikawerengera pa magemu ofanana nayo sindikayika. Koma kaphindu kameneko sikangalipire olo miyezi iwiri ya malipiro a anthu a pa kampani yathu, otsatsa, oyesa, maloya, osamalira maseva, ife a manambala. Onsewa akudya pa gemu yakale ija. Zili ngati banja lalikulu lomwe wogwira ntchito ndi mwana mmodzi, ena onse akuyesetsa ndithu koma zomwe amabweretsa ndi zogulira mchere basi, nde makolo maso onse ali pa kupeza mwana wachiwiri wonga uyu woyambayu asanatope. Ndipo gemu imatopa, mzere wa yakale ija chaka chilichonse ukutsikako pang'ono, ine ndi amene ndimauona.

Lachitatu m'mawa unali mkangano wa zilankhulo. Gemu yathu yatsopano inatuluka yopanda Chitchaina, anaganiza zoti adzawonjezera pambuyo kuti apulumutse ndalama ndi nthawi, nde pano a zamalonda akuloza a zomasulira, a zomasulira akuonetsa maimelo omwe anachenjeza kalekale. Ine ndinangoika patebulo zomwe aliyense amadziwa, pa Steam Chitchaina ndi Chingerezi ndi zomwe zimalimbirana pamwamba pa zilankhulo za ogwiritsa ntchito, ndipo Black Myth: Wukong ya situdiyo ya Game Science itatuluka pa 20 Ogasiti 2024 inagulitsa makope 10 miliyoni m'masiku atatu, ambiri mwa ogulawo ali ku China. Msika woterewu sungautsekere chitseko sabata yoyamba n'kumayembekezera kuti adzakudikira. Komanso China si yongolowa, kuti ugulitse movomerezeka m'dzikomo pamafunika chilolezo cha boma ndi kampani ya komweko yogwira nayo, ndipo boma linaimitsapo kupereka zilolezo kwa miyezi yambiri mu 2018, n'kudzaimitsanso kuyambira Julayi 2021 mpaka Epulo 2022. Ambiri amagula kudzera pa Steam ya dziko lonse, koma palibe yemwe angakulonjeze kuti khomo limenelo lidzakhala lotseguka mpaka kale. Ndiye ukamalemba kuti gawo lakuti la ndalama lidzachokera ku China zaka zinayi zikubwerazi, ukulemba chinthu chomwe chingasinthe ndi chikalata chimodzi cha boma. Chimodzimodzi mitengo, mu Novembala 2023 Valve inasiya kugulitsa mu ndalama za Argentina ndi Turkey n'kuyamba madola chifukwa ndalamazo zimangogwa, manambala onse omwe anthu ngati ine tinalemba a maiko awiriwa anasanduka zinyalala usiku umodzi.

Pali kalendala yaikulu pa khoma la chipinda chathu pomwe timamata timapepala ta magemu a makampani ena ndi masiku omwe atuluke. Kapepala ka GTA VI (Grand Theft Auto VI) ndi kofiira, ndipo miyezi yoyandikana nako imakhala yopanda kanthu chifukwa aliyense akuthawa. Rockstar, omwe amapanga GTA, atasuntha gemuyi kuchoka mu 2025 kupita mu 2026 tinachita kumatula theka la khoma n'kuyambanso. Simungawadzudzule othawawo, GTA V inatuluka mu Seputembala 2013, inapanga madola 1 biliyoni m'masiku atatu ndipo yadutsa makope 200 miliyoni, gemu imodzi yomwe yanyamula Take-Two, eni ake a Rockstar, kwa zaka zoposa khumi. Aliyense mu bizinesi imeneyi akulota zimenezo, ndipo malotowo ndi omwe amalemba mabajeti.

Madzulo ndi pomwe zinandivuta. Ndinatumiza manambala a gemu yowomberana ija m'njira zitatu monga mwa nthawi zonse, zikayenda bwino, zikayenda pakatikati, zikavuta. Bwana anandiitana n'kunena kuti mndandanda wa magemu omwe ndafanizira nawo ndi wolemera mbali ya zolephera, ndichotseko ena ndiikemo ambiri onga Helldivers 2. Ndinawauza kuti bwana, Helldivers 2 ndaikamo kale, inatuluka Febuluwale 2024 n'kugulitsa 12 miliyoni m'masabata 12, zoona. Koma chaka chomwecho, publisher yemweyo Sony, mtengo womwewo wa madola 40, anatulutsa Concord pa 23 Ogasiti, pofika 6 Seputembala anali ataizimitsa n'kubwezera anthu ndalama, mu Okutobala situdiyo yake Firewalk inatsekedwa. Ngati Sony ndi ndalama zake zonse ndi akatswiri ake onse sanathe kusiyanitsa ziwirizi zisanatuluke, ifeyo tikudziwa bwanji kuti yathu ili mbali iti? Kuchotsa Concord pa mndandanda sikuchotsa ngoziyo, kungoibisa kwa anthu omwe akasaine mawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, si munthu woipa, nayenso ali ndi omwe akumupanikiza kumwamba, kenako anati zisiye momwe zilili koma ukafotokoze wekha. Ndinatuluka mu ofesi mdima utagwa kale ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere bwino.

Lachinayi miting'i inayamba 10 koloko. Gawo lachiwiri la gemu yakale linadutsa mu mphindi zosakwana khumi, palibe anafunsa olo funso lovuta, dzina lodziwika kale ndi chinthu chokhacho chomwe chimaoneka ngati chitsimikizo mu ntchitoyi, n'chifukwa chake mukuona masitolo adzaza ndi magemu a nambala 2, 3, 4 ndi akale opentedwanso. Yowomberana inatenga maola awiri. Ndinafotokoza manambala anga onse, ndinanena poyera kuti njira ya pakatikati pa magemu a mtundu umenewu imapezeka pa pepala pokha, kunjaku zimakhala kuti anthu abwera mwaunyinji n'kukhazikika kapena maseva akhala opanda anthu mwezi usanathe, chifukwa munthu akalowa n'kudikira mphindi zisanu osapeza osewera naye sabweranso, ndipo akachoka iyeyo wotsatira amadikira nthawi yaitali kuposa apo. Ndinawakumbutsa za Warner Bros., omwe mu 2023 Hogwarts Legacy inawagulitsira makope oposa 22 miliyoni, chaka chotsatira Suicide Squad: Kill the Justice League n'kuwaluzitsa madola 200 miliyoni monga ananenera okha. Kampani imodzi, zaka ziwiri zotsatizana. Iwo anapirira poti ndi aakulu, ife kugwa kotero sitingadzukenso.

Itafika ya bwato ndinalankhula kuposa momwe munthu wa manambala amayenera kulankhulira, ndikuvomera. Ndinati ndalama zomwe ikufuna kuti ithe ndi kachigawo kochepa ka zomwe yowomberana ikupempha, ndinati magemu ang'ono nawonso amaphulika, Balatro anaipanga munthu mmodzi n'kugulitsa mamiliyoni, Clair Obscur: Expedition 33 ya Sandfall ku France, situdiyo yosafika olo pafupi ndi akuluakulu aja, inagulitsa 3.3 miliyoni m'masiku 33 mu 2025. Ndinati ngati tonse tikuvomereza kuti palibe amadziwa yomwe idzaphulike, bwanji osaponya mbedza zambiri zotchipa m'malo moika zonse pa imodzi yodula.

Mkulu wa zachuma anandiyankha modekha ndipo yankho lake lakhala likundizungulira m'mutu mpaka pano. Anati mwatchula awiri, koma pa Steam mu 2024 panatuluka magemu oposa 18,000, enawo ali kuti? Kenako anaika pa sikirini magemu khumi omaliza omwe kampani yathu yatulutsa, manambala omwe ndinakonza ine ndemwe miyezi yapitayo. Angapo analuza, angapo anangobweza zawo, awiri anabweretsa kaphindu, ndipo mukaphatikiza onse asanu ndi anayi osawerengera yakale ija, kampani ili pansi pa ziro. Anati mbedza zotchipa si zotchipa momwe mukunenera, iliyonse imafuna otsatsa omwewo, oyesa omwewo, malo pa kalendala omwewo, ndipo anthu athu sangakankhe magemu atatu chaka chimodzi onse n'kukankhika bwino. Anati ya bwato ikayenda bwino kwambiri itipatsa chaka chabwinoko pang'ono, yowomberana ikayenda bwino itipatsa zaka khumi, ndipo eni masheya ndi mabanki omwe atibwereka ndalama akufunsa za zaka khumizo. Sindinathe kumutsutsa pa masamu, masamuwo ndi anga omwe. Chomwe ndinanena n'choti zaka khumi zimenezo tikuzigula ndi mwayi wochepa kwambiri, ndipo zikakanika olipira sadzakhala ife tili m'chipinda muno.

Ndinanena zimenezo chifukwa ndaona momwe zimathera. Embracer, kampani ya magemu ya ku Sweden, inagula masitudiyo ambirimbiri ikudalira ndalama zomwe zikubwera, mu Meyi 2023 mgwirizano wa madola 2 biliyoni unagwa, chotsatira kunali kutseka ndi kuchotsa anthu, situdiyo yawo Volition yomwe inakhala zaka 30 inatha chaka chomwecho. Januwale 2024 Microsoft inachotsa anthu 1,900 ku mbali ya magemu patangotha miyezi itatu chigulireni Activision Blizzard pa madola pafupifupi 69 biliyoni, Febuluwale Sony inachotsa pafupifupi 900. Mu Meyi chaka chomwecho Microsoft inalengeza kutseka Tango Gameworks, omwe anali atangopanga Hi-Fi Rush, gemu yomwe anthu anaikonda n'kulandira mphotho, mwayi wake kampani ya ku Korea ya Krafton inadzawatola. Imeneyo ndi yomwe imandipweteka kwambiri chifukwa inaonetsa kuti kupanga gemu yabwino sikukutetezanso, ngati sinagwedeze dziko lonse pa pepala la akuluakulu imaoneka ngati anthu omwe akanatha kuthandiza pa yaikulu ija. Ndili ndi anzanga omwe anachotsedwa m'zaka zimenezi, ena mpaka lero sanabwerere mu magemu, anthu aluso lawo.

Anavota. Yowomberana ilandira ndalama koma m'magawo, gawo lotsatira lidzatuluka pokhapokha akayesa ndi osewera enieni m'maiko angapo n'kuona kuti anthu akubwereranso pakatha sabata, chimenechi ndi chokhacho chomwe ndinapambana ndipo sindikuchipeputsa. Ya bwato tiisiya. Chomwe ndinapempha pomaliza, ndipo mayi wa zamalamulo anandithandiza, n'choti tisaikhalire, tiwabwezere eni situdiyo umwini wonse wa gemu yawo kuti akathe kukafuna publisher wina kapena kuitulutsa okha, zomwe tinalowetsa adzabweze pang'onopang'ono gemuyo ikadzayamba kugulitsa osati pano. Pali makampani omwe amasiya pulojekiti koma dzina n'kulitsekera mu kabati zaka ndi zaka. Anavomera, mwina poti kwa iwo ndi kanthu kochepa.

Lachisanu wowauza anali bwana koma ndinapempha ndikhalepo. Mayi aja sanadabwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa kuti malipiro omaliza afika liti poti ali ndi anthu oti awalipire kutha kwa mwezi, anafunsa ngati tsamba la gemu pa Steam tiwasamutsira pamodzi ndi anthu onse omwe anaiika pa wishlist (posunga magemu omwe munthu akufuna kudzagula), chifukwa kwa situdiyo yaing'ono mndandanda umenewo ndi chuma chenicheni, ndi umboni womwe amakaonetsa kwa wina aliyense yemwe angawapatse ndalama. Bwana anati inde zonse. Kenako anatembenukira kwa ine pa sikirini paja n'kufunsa kuti, "Achimwene, munafika pa nkhalamba ija?" Ndinati ndinafika mayi, nyali inandizimira. Anamwetulira pang'ono n'kunena kuti ambiri amasiya nkhafi kuti aiteteze ndipo nkhalambayo siwauza kanthu.

Titadula foni ndinapempha chilolezo kwa bwana choti ndiwatumizire mbali ya manambala anga yomwe si chinsinsi cha kampani, magemu omwe ndinafanizira nawo, maiko omwe ndikuona kuti gemu yotere ingayende, zilankhulo zoti ayambire. Anati tumizani. Ndinakhala maola awiri ndikuikonza bwinobwino, ndinalemba pamwamba kuti Chitchaina, Chijapani ndi Chipwitikizi cha ku Brazil asadzazisiye pambuyo olo ndalama zitavuta bwanji, ndinawonjezera masiku a Steam Next Fest, nthawi yomwe anthu amalawa ulere magemu omwe sanatuluke, yomwe imachitika Febuluwale, Juni ndi Okutobala, kuti aone poika demo yawo, kachigawo kolawitsa gemuyo, komanso miyezi yoti aithawe pa kalendala ija. Kenako ndinatsegula fayilo yaikulu ya kampani, mzere wa ya bwato ndinausamutsira ku tsamba la zosiyidwa, ndalama zake n'kuziphatikiza ku yowomberana, sizinasinthe olo nambala yoyamba ya bajeti yake.

Cha m'ma 4 a zamalonda anatsitsa mtengo wa gemu yakale ija kuti anthu agule Loweruka ndi Lamlungu, monga timachitira manambala a miyezi itatu akafuna kuperewera. Ndinakhalabe pa desiki kuyang'ana, Asia inali itagona kale, Europe inayamba kugula nthawi yomweyo, Brazil inalowa nditavala kale jekete. Ndinalemba nambala yomwe inalipo pa kapepala kuti Lolemba ndidzachotsepo obweza, ndinazimitsa laputopu n'kutsika masitepe.